KUKONZANSO MPANDO WA CIKOPA PAKHOMO

Madzulo ano ndifuna ticezerane za mipando ya cikopa imene yada, yakandika kapena yasuluka, ndi zimene munthu angathe kuicitira ndi manja ace pakhomo asanaitane mmisiri.

Mpando wa cikopa si katundu wogula caka ndi caka. Ena anaugula ndi ndalama za penshoni, ena anaupeza pa okushoni, ndipo kwa ena ndi colowa cimene makolo anawasiyira. Cikopa cabwino cikhoza kukhala zaka makumi angapo, kupambana nsalu iri yonse. Koma mipando yambiri imene iri kuseri kwa nyumba lero, nkhuku zirikuikirapo mazira, siinaonongeke ndi ukalamba ai. Anaiononga ndi eni ace omwe pofuna kuiciza. Mai aona kuti mpando wauma, natenga mafuta ophikira. Bambo aona kuti wasuluka, natenga polishi ya nsapato. Mwana atumidwa kuutsuka, natenga sopo wocapira ndi burashi ya pansi. Onsewa afuna zabwino, koma pakutha pa caka mpando uja sukonzekanso.

Musanagule mankhwala ali onse, yambani mwadziwa cimene muli naco, pakuti zambiri zimene zigulitsidwa ndi dzina la cikopa si cikopa konse. Gadamitsani mpando, kapena tsekulani zipi ya khushoni, muyang'ane kuseri kwa cokutiraco. Cikopa ceniceni kuseri kwace ncamanyunyu, cokhala ndi tiubweya tofewa tosalukidwa. Mukaona ulusi wolukidwa monga wa nsalu, dziwani kuti ameneyo ndi pulasitiki womatidwa pa nsalu. Akuluakulu adzakumbukira Rexine, nsalu yopaka mankhwala yocokera ku England, imene anali kukutira nayo mipando ya m'galimoto ndi zikuto za mabuku. Masiku ano kuli mtundu wina wonyenga koposa. Atenga zidutswa zotsala za zikopa, nazipera, nazisanganiza ndi guluu, naziyala pa nsalu, ndi kuphimba pamwamba pace ndi kakhungu ka pulasitiki. Wogulitsa akhoza kulumbira kuti muli cikopa m'menemo, ndipo sananame kwenikweni. Koma zikapita zaka zowerengeka kakhungu kaja kayamba kufundula ngati njoka, makamaka kumalo a cinyezi. Mpando wotere ulibe mankhwala. Musataye ndalama pa utoto; ngati thabwa lace liri lolimba, kauperekeni kwa mmisiri aukutire ndi nsalu yatsopano. Ndipo musamvere amene akuuzani kuyesa cikopa ndi moto wa macesi, cifukwa cipsera cimeneco cidzakhala canu mpaka kale.

Tsono tinene kuti canu ncikopa ndithu. Nkwabwino kumvetsa pang'ono m'mene cinapangidwira, popeza zonse zimene ndidzanena zicokera pamenepo. Inu mudziwa kuti cikopa ca ng'ombe cosafufuta, conga ca pa ng'oma, cikauma ciuma gwa, ndipo cikakhalitsa m'madzi ciola. M'kati mwace muli timitsempha tambirimbiri topiringizana. Nchito ya wofufuta ndiyo kulimbitsa timitsempha timeneti kuti tisaole, ndi kulowetsamo mafuta oyenera kuti tiziterereka tokha-tokha cikopa cikamapindika. Njira yakale ndiyo kubviika cikopa m'madzi a makungwa kwa masabata kapena miyezi. M'makungwa muli cinthu comwe cija cimene cimanga pakamwa mukaluma nthoci yosapsa, kapena mukamwa tiyi wofulula kwambiri. Mtengo wa wattle, umene kwao ndi ku Australia, unabzalidwa minda yaikuru ku KwaZulu-Natal ndi ku mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe cifukwa ca makungwa ace omwewa. Njira yaciwiri ndiyo ya mcere wa chrome, citsulo cimene miyala yace ikumbidwa ku Shurugwi ndi m'mapiri a Great Dyke. Friedrich Knapp wa ku Germany analemba za njirayi m'caka ca 1858, ndipo Augustus Schultz wa ku New York anailembetsa kuti igwire nchito m'mafakitale m'caka ca 1884. Iyo itha m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ndi cifukwa cace zikopa zambiri za mipando ya masiku ano nza chrome. Za makungwa muzipeza kwambiri pa mipando yakale, ija ya mabatani ndi misomali ya mkuwa.

Cimene cisiyanitsa kakonzedwe kwambiri ndico cimene anapaka pamwamba. Donthezani dontho limodzi la madzi pamalo obisika, kumbuyo kapena pansi pa khushoni, ndipo dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri. Dontholo likalowa, malowo nada, cikopa canu ncongonyika mu utoto, copanda copaka pamwamba. Cimeneco ndico cokongola ndi cofewa koposa, cioneka zipsera zonse za ng'ombe, za nkhupakupa, za minga ndi za waya, koma cimwa ciri conse cimene cigwerapo. Dontho likangokhala pamwamba ngati mame pa tsamba la nthoci, ndiye kuti cikopaco anacikuta ndi kautoto kopyapyala ndi vanishi yace. Mipando yambiri nja mtundu waciwiriwu, ndipo tsoka lace ndi mwai wace ziri pamodzi: utoto ndiwo uperepeseka ndi kung'ambika, koma utoto ukhoza kubwezeredwa.

Kawirikawiri mpando umene muuyesa wakutha ngwakuda cabe. Thukuta, pfumbi ndi mafuta a m'tsitsi ziunjikana pang'onopang'ono, mwini wace osazindikira, kufikira mtundu weniweni ubisika. Yambani ndi burashi yofewa, mucotse mcenga ndi nyenyeswa m'misoko ndi m'makwinya, pakuti mcenga ndiwo upala utoto nthawi zonse munthu akakhala pansi. Pamenepo tengani madzi ofunda pang'ono, osati otentha, mudonthezemo sopo wamadzi wofatsa madontho owerengeka, kapena mankhwala otsukira zikopa ngati mwawapeza. Bvundulani kuti pacite thobvu, ndipo gwiritsani thobvulo, osati madzi. Nsalu ikhale yoyera, yofinyidwa bwino. Tsukani kacigawo kakang'ono, pukutani ndi nsalu yaciwiri ya madzi okha, umitsani ndi yacitatu, ndi kusendera patsogolo. Yambani pamalo obisika, ndipo mukaona mtundu wa mpando ulikutsala pa nsalu, lekani. Cikopa cija comwa madzi musacinyowetse pamalo amodzi okha, cifukwa pouma pasiya mzere wozungulira. Pukutani cigawo conse kucokera pa msoko kufikira pa msoko unzace, mopepuka.

Mwina mufunsa, sopo wocapira walakwanji? Amai adziwa cimene cidulo cicita m'mphika wa therere: cifewetsa ndiwo mpaka zisungunuka. Sopo wamtanda, soda ndi ufa wocapira nza mtundu womwewo wa cidulo, pamene cikopa cofufuta ciri ku mbali ya zowawasa. Pa muyeso umene akatswiri auchula pH, madzi abwino ali pa 7, cikopa ciri pakati pa 4 ndi 5, ndipo sopo wamtanda afika pa 9 kapena 10. Sopo wotere akalowa, amasula pang'onopang'ono cimene wofufuta anamanga, nacotsanso mafuta a m'kati. Tsiku loyamba mpando uwala, mwini wace nakondwera. Kuuma ndi ming'alu zibwera pambuyo pace. Ngakhale sopo wa zishalo za akavalo, amene anthu am'tama kwambiri, anapangidwira cikopa cocindikala ca panja, ndipo ine sindimuyamikira pa mpando wa m'nyumba. Parafini, petulo, mankhwala oyeretsera zobvala ndi aja ocotsera utoto wa m'zikhadabo, izi zisayandikire konse. Zikhoza kuononga vanishi.

Mafuta akangotayikira kumene, musapukute mokhuta. Thirani ufa wosalala wa cinangwa kapena paudala ya ana pamalopo, musiye usiku wonse, m'mawa musese. Bwerezani kawiri kapena katatu. Ufawo ukoka mafuta. Banga lakuda la kumutu kwa mpando, pamene agogo akhala akutsamira zaka khumi, silicoka ndi ufa wokha, cifukwa mafuta analowa mpaka kuseri. Pamenepo pafunika mankhwala ace ocotsera mafuta m'cikopa, ndipo musapakepo utoto mafutawo asanacoke, pakuti sugwira.

Tsopano ndifike pa nkhani imene anthu atsutsana nane kwambiri, ndiyo ya kudzoza. Anthu ati cikopa ndi khungu, ndipo khungu lifuna mafuta. Inde, koma khungu lanu liri ndi moyo, lisintha ndi kudzikonza lokha. La ng'ombe ija linafa kale, ndipo cimene mwathiramo cikhala momwemo. Mafuta a nsinjiro kapena a mpendadzuwa asasa m'kati mwa cikopa, nanunkha, naitana mphemvu, nyerere ndi makoswe. Pa cikopa copaka utoto mafuta salowa konse pamene pali pabwino. Angomata pamwamba ndi kugwira pfumbi. Alowa pa ming'alu pokha, ndipo m'menemo afutukula utoto kucokera pansi. Si anthu a kumudzi okha amene anakhulupirira kudzoza. Ku British Museum ku London kunacokera mafuta ochuka a zikopa, osanganiza mafuta a ubweya wa nkhosa, phula ndi mafuta a mkungudza, ndipo nyumba zosungira mabuku m'maiko ambiri zinawagwiritsa nchito zaka zambiri. Pambuyo pace osunga zinthu zakale anaona kuti zikopa zodzozedwa kawirikawiri zinada ndi kumata, ndipo lero ambiri a iwo analeka kudzoza. Ngati cikopa canu ncija comwa madzi, ndipo cauma ndithu, gulani kirimu wopangidwira mipando ya cikopa, mupake pang'ono kwambiri, kamodzi kapena kawiri pa caka. Copaka utoto cifuna kupukuta kokha ndi nsalu yonyowa pang'ono.

Polishi ya nsapato nayo iri ndi mlandu wace. Pa nsapato iri bwino, popeza palibe akhalira nsapato. Pa mpando, kutentha kwa thupi kuisungunula, ndipo mlendo wanu wobvala zoyera adzanyamuka atalembedwa kumbuyo. Coipa cina ncakuti phula lace litsekereza cikopa, ndipo tsiku limene mudzafuna kupaka utoto weniweni mudzayamba mwabvutika kulicotsa.

Za zokandika, yambani mwapitapo ndi nsonga ya cala. Ngati simukumva kanthu, kwakandika pamwamba pokha. Pa cikopa comwa madzi, makamaka cija cokhala ndi phula, kukhuta ndi cala cofunda mozungulira kukwanira, pakuti mafuta a m'mbali asendera pamalo oyerawo, mzere uja nuzimirira. Pa copaka utoto mudzafuna kadontho ka utoto wofanana. Zikhadabo za mphaka zicita zina: zitukula timakungwa ting'onoting'ono timene tiima ciriri. Musatidule. Tengani kamtengo ka macesi kosongola, mutape guluu woyera wa akalipentala pang'ono ngati mutu wa singano, mulowetse pansi pa kakhungu kali konse, ndi kukagoneka kumene kanacokera. Pukutani guluu wotuluka asanaume. Ndi nchito ya madzulo athunthu pa mkono umodzi wa mpando, ndipo ifuna maso. Ngati anu afooka, itanani mdzukulu wofatsa. Guluu uja wa m'kacubu wouma m'kamphindi musamgwiritse nchito, cifukwa auma ngati galasi, ndipo cikopa cikapindika cithyoka m'mbali mwace.

Pamene pang'ambika ndithu, kusoka sikuthandiza, popeza ulusi ucekanso cikopa cotopaco. Cigamba ciikidwa kunsi, osati pamwamba. Dulani kansalu kolimba koma kopyapyala, konga ka thalauza la khaki, kopitirira cibooco masentimita 2 mbali zonse, ndi kudula ngondya zace zikhale zozungulira kuti zisapindike. Lowetsani kansaluko pa ciboo, mukayale bwino ndi cigwiriro ca supuni, kasakhale ndi khwinya. Pakani guluu wofewa kuseri kwa milomo ya cikopa, muikokere pamodzi mpaka ikumane, ndi kutsendereza ndi buku lolemera kufikira mawa. Kampata kotsala mukadzaze ndi phala lace la zikopa, limene liuma koma likhalabe lofewa. Pakani mopyapyala ndi mpeni wosathwa, muyembekeze liume, mupakenso. Katatu kapena kanai. Mukaunjika nthawi imodzi liphwa pouma, ndi kusweka. Potsiriza salazani ndi sandipepala yosalala kwambiri, ya nambala 600 kapena kuposa, mosakanikiza. Ming'alu ya pa mikono ndi pa mpando pokhalira ikonzedwa ndi phala lomweli.

Zinthu zimenezi, phala, utoto ndi vanishi ya zikopa, funsani kwa amisiri okuta mipando ya galimoto ndi m'masitolo ogulitsa zipangizo za osoka nsapato, monga ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka, Kitwe, Harare kapena Bulawayo. Kawirikawiri mmisiri abvomera kukugawirani pang'ono m'kabotolo. Tengani khushoni popita, kapena kacidutswa kodula kunsi kwa mpando kumene cikopa cinatsalira, cifukwa mtundu wosunga m'mutu unyenga. Utoto ukhale wa zikopa, wosungunula ndi madzi. Penti ya zitseko ndi ya makoma iuma gwa, ndipo idzasweka sabata lomwelo.

Pa kupaka utoto mpamene nchito yonse ikoma kapena ionongeka. Malowo akhale oyera ndi ouma, opanda mafuta kapena phula. Apa pokha nkololedwa kupukuta kamodzi mopepuka ndi sipiriti, popeza mulikufuna kuti vanishi yakale ikhakhale pang'ono. Mazenera akhale otsekula, ndipo mbaula, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Yesani mtundu pamalo obisika, ndi kuuweruza utauma, masana, pakuti utoto wauwisi ndi wouma safanana. Kumbukiraninso kuti mbali yoyang'ana ku zenera inasuluka kuposa yakumbuyo. Fanizani ndi pamene mulikukonzapo. Tapani pang'ono ndi siponji, ndipo musakoke ngati wopaka laimu ku cipupa, koma gunditsani-gunditsani, kuti maonekedwe a khungu asakwiririke. Ulendo woyamba udzaoneka wamawanga-mawanga, ndipo mtima udzakuuzani kuti muonjezere. Musaumvere. Dikirani uume, mubwereze. Maulendo atatu kapena anai opyapyala agwira ndi kupindika pamodzi ndi cikopa, koma umodzi wocindikala usupuka wonse. Ngati malo operepeseka ngakuru, pakani cigawo conse kufikira pa misoko, cifukwa diso siliona kusiyana kumene kwathera pa msoko, koma liona msanga cigamba ca pakati. Pomariza pakani vanishi yace kawiri, yowala kapena yosawala monga mpando unaliri.

M'maiko athu ano cikopa ciri ndi adani awiri amene asinthana. M'miyezi ya September ndi October dzuwa lolowa pa zenera lisulutsa utoto ndi kuumitsa mafuta a m'kati, ndipo mbaula ya m'June ikaikidwa pafupi icita cimodzimodzi. Dzinja likafika, cinyezi cikapitirira magawo 70 pa 100 kwa masiku angapo m'cipinda cosapita mphepo, cuku cimera, makamaka kumbuyo kwa mpando wogunda cipupa. A ku Mulanje, Nkhata Bay ndi Mutare acidziwa bwino. Turutsani mpando pa khonde, pamthunzi, mumange kansalu pamphuno, ndi kusesa cukuco panja, osati m'nyumba mmene ana apuma. Pukutani ndi sipiriti yosanganiza ndi madzi muyeso wofanana, mutayesa kaye pobisika popeza sipiriti itha kucotsa mtundu, ndipo uumire pamthunzi pomwepo. Kuuyanika pa dzuwa kapena pa moto kukwinyitsa cikopa conyowa, ndipo cikakwinyika motero sicibwereranso. Pobwezera m'nyumba siyani mpata wa dzanja pakati pa mpando ndi cipupa.

Pali nthenda imodzi imene simungathe kuiciza, ndipo nkwabwino muidziwe kuti musataye ndalama. Igwira zikopa zakale za makungwa. Cikopa cifiira, cifumbutuka, ndipo mukacikhuta cala cituruka ndi pfumbi longa la njerwa. Cocititsa cace cacikuru ndi utsi wa sulufule, umene ulowa m'cikopa nusanduka asidi wodya timitsempha tija. Michael Faraday anafufuza za kuola kwa zikopa za m'nyumba ya Athenaeum Club ku London m'zaka za m'ma 1840, naloza cala nyali za gasi zimene anali kuunikira m'nyumbamo. Omvera a ku Mufulira, amene kwa zaka zambiri anapuma utsi wa ng'anjo ya mkuwa umene auchula senta, audziwa mpweya womwewo. Cikopa cotere madzi acidetsa ndi kuciumitsa nthawi yomweyo, ndipo mafuta sabweza mphamvu yace. Ngati mpandowo ngwa cikumbutso, uikeni poti anthu sakhalapo. Ngati ngwa nchito, mmisiri asinthe zigawo zodwalazo, asiye zamoyo.

Mpando ukadali cigadamire, yang'anani malamba, masipuling'i ndi siponji za kunsi. Kawirikawiri cikopa cing'ambika pokhalira cifukwa za pansi pace zinatha, ndipo ico cokha ndico cirikusenza munthu. Mukakonza pamwamba ndi kusiya dzenje kunsi, ming'alu idzabwera pamalo omwewo dzinja lisanathe. Malamba atsopano ndi siponji yolimba sizidya ndalama zambiri, ndipo thabwa la mlombwa kapena la mbawa, ngati ciswe sicinalowe, lingofuna guluu m'mfundo zogwedera. Mukatha zonse, utoto udzaoneka wouma pakutha pa ora limodzi, koma ukhwima pang'onopang'ono. Muuze a m'nyumba kuti pasakhale munthu masiku atatu, ndipo pasaikidwe nsalu kapena nyuzipepala, pakuti zimata. Mphaka mumtsekere kunja.